Firiji M'nyumba Yopanda Magetsi

Ku komboni,
Ruda, Honde Valley.
22 Novembala 1992.

Mlongo wanga Onias,

Choyamba ndifunse moyo wako, wa mlamu wanga Naume ndi ana kumeneko ku Chipinge. Ngati mukudzuka bwino, Ambuye alemekezeke. Ife kuno tilipo, kungoti dzuwa latiphika chaka chino. Honde uja unamusiya wa nkhungu ndi mvula yosaleka, lero ndi fumbi lokhalokha. Tiyi wafota, ndipo dengu likafika pa sikelo kapitao amangopukusa mutu. Alamu ako a Raimundo ali bwino, ana ali bwino. Bambo m'thupi ali bwino, mapazi anapsa aja apola. Zina za bambo ndi zimene ndakhalira pansi kuti ndikulembere.

Moni ndapereka chifukwa ndi mmene anatilerera. Usaganize kuti ndikulemba ndikumwetulira.

Sindizungulira. Pa pepala la inshuwalansi lija unalemba bodza. Unalemba katundu amene bambo sanakhalepo naye chibadwire, ndipo bodza limenelo lagwera iwowo, osati iwe. Zoti nyumba yawo ku Samanga inapsa ukuzidziwa, poti uthenga ndinakutumizira. Zimene zinatsatira sukuzidziwa, kapena ukungodzigonetsa. Ndiye werenga mpaka kumapeto. Usaipinde kalatayi pakati n'kuiponya m'kabati ya ku ofesi.

Kumbukira Pasaka wa chaka chatha. Unatsika basi utamanga tayi, chikwama chachikopa kumanja, utangoyamba kumene ntchito ku kampani ya inshuwalansi. Tonse tinanyadira. Bambo anapha tambala. Titadya, unayamba kuwafotokozera kuti munthu akamapereka kangachepe mwezi ndi mwezi, nyumba ikapsa kapena akuba akathyola, kampani imabweza katundu yense. Unati chofunika ndi mndandanda wa zinthu za m'nyumba, cholembedwa chimodzichimodzi.

Bambo anayamba akana. Anati kulembetsa moto usanabwere ndi kuuitana. Iwe unaseka, kenako unatsitsa mawu n'kuwauza kuti mabwana ako akufuna mayina a anthu atsopano, ukapanda kuwapeza akuchotsa. Atamva zimenezo sanafunsenso china. Anangoti, "Ngati ndi za ntchito ya mwana, tulutsani katundu."

Ndipo tinatulutsadi. Mmawa mwake ine ndinayala mphasa pabwalo, iwo akunyamula chinthu chimodzichimodzi ngati akupereka mwana ku ubatizo. Njinga yomwe anagula atakwezedwa kukhala kapitao pa esiteti. Makina osokera a malemu mayi. Bedi lachitsulo. Wailesi yamabatire. Tiranki yomwe anabwera nayo kuchokera ku Mulanje ali mnyamata. Mipando ya ndalema, mabulangete, jekete la ku tchalitchi, mbale za mayi zamaluwa zija tinkamenyedwa tikazikhudza. Chilichonse ankachiimika pamaso pako n'kunena kumene anachigula ndi chaka chake. Iwe uli pampando, mwendo pamwamba pa unzake, ukulemba m'Chingerezi, ukugwedeza mutu.

Ukukumbukira za mphika wobooka? Bambo anauchotsa pa mphasa, akuti usaulembe, kuopa kunamiza kampani. Anakuuzanso kuti pa wailesi ulembe kuti chotsegulira chake chinathyoka, amachita kupotokola ndi pulayala. Unayankha kuti walemba. Ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa.

Posaina anapita kukasamba m'manja kaye, n'kuvala jekete.

Chinthu chimodzi chanzeru unanena tsiku limenelo, ndipo sindikuchotsera. Unati pepala la katundu lisamasungidwe m'nyumba momwe muli katunduyo, chifukwa moto ukabwera umadya zonse pamodzi. Ndiye utatumiza kope lake mu envulopu, bambo anabwera nalo kwa ine kuno ku komboni. Ndinalisunga pansi pa zovala za ana. Chingerezi changa ukuchidziwa, chinathera pomwe ndinasiyira sukulu n'kukagwira dengu la tiyi. Ngakhale ndikanachidziwa, sindikanawerenga. Ndani amafufuza zolemba za mlongo wake?

Moto unabwera mwezi watha, dzuwa lili paliwombo. Unachokera kumtunda, kumene wina ankatentha munda, mphepo n'kuulanda. Udzu wa chaka chino sufuna kuupempha kawiri. Bambo anali okha, akutengulira nthochi kumunsi kwa nyumba. Ataona utsi anathamangira kukhola n'kutsegulira mbuzi. Pobwerera, denga linali litagwira kale. Anafuna kulowa kuti akatulutse makina a mayi, koma a Domingas, oyandikana nawo aja, anawagwira m'chiuno n'kugwa nawo pansi. Akanapanda mayi amenewo, bwenzi kalata ino ili ya maliro.

Anatsala ndi zovala zomwe anavala, chikwanje chomwe chinali m'manja, ndi mbuzi.

Ine nditafika ndinalira mpaka mawu kutha. Iwo ndi amene ankanditonthoza. Atakhala pamwala, mapazi ali m'beseni la madzi, anati, "Usalire, Loness. Onias anazioneratu izi. Zonse zinalembedwa." Ndipo mawu amenewo anauza aliyense wobwera kudzapepesa. Anauza a Domingas, anauza anzawo a ku tchalitchi, anauza ngakhale ogula nthochi. Ankati mwana wawo wa ku Chipinge ali ndi maso oona kutali. Ena anachita kufunsa keyala yako kuti nawonso alembetse.

Ndinapempha foni ku ofesi ya esiteti n'kuimba kuntchito kwako. Mtsikana amene anayankha anati wachoka. Ndinaimbanso tsiku lina, anati uli pa msonkhano. Kenako kondakitala wa basi anabwera ndi phukusi: bulangete limodzi, shuga, ndi uthenga wapakamwa woti kampani itumiza munthu. Kalata ayi. Iwe mwini ayi. Panthawiyo ndinkati ndi ntchito yakuchulukira. Lero ndikudziwa chimene chinakumanga miyendo.

Munthu wa kampani anabweradi. Dzina lake ndi a Chamunorwa, ochokera ku ofesi ya ku Mutare, bambo wachikulire ndithu, wa imvi za apo ndi apo. Anafika pa njinga yamoto. Bambo anali atabwereka jekete la a Raimundo, manja ake aatali mpaka kubisa zala. Anthu anadzaza pabwalo, chifukwa aliyense ankafuna kuona mmene kampani imabwezera munthu katundu. Ine ndinapereka envulopu ija ndi manja awiri.

A Chamunorwa anapereka moni mwaulemu, akuwatchula bambo kuti Sekuru, ndiye kuti agogo m'Chishona. Anapepesa za ngoziyo. Kenako anatola ndodo n'kuyamba kuzungulira m'phulusa, akutokosa apa ndi apo, maso akubwerera pa pepala. Anazungulira kawiri. Atatuluka anafunsa kuti malata tawasunga kuti.

Bambo anafunsa kuti malata ati.

A Chamunorwa anati a padenga. Pepala likunena kuti nyumbayi ndi ya malata.

Bambo anaseka pang'ono, akuganiza kuti ndi kulakwitsa kwa wotayipa. Anati denga lawo lakhala la udzu kuyambira tsiku lomwe anamanga, anafolera okha, aliyense pano akudziwa. A Chamunorwa sanaseke. Anati ndiye awerenge mndandanda wonse, mwini wake azivomera chimodzichimodzi, chifukwa ndi mmene ntchito yawo imayendera. Anawerenga m'Chingerezi akumasulira m'Chishona kuti onse amve.

Firiji.

Onias, ndikanakonda ukanamva bata lomwe linagwa pabwalo paja. Kenako munthu wina kumbuyo analephera kudzigwira, kuseka kunaphulika.

Mbaula yamagetsi. Wailesi ya kanema. Masofa. Kapeti ya pabalaza. Kabati yagalasi. Chilichonse akatchula, kuseka kumakwera. Wina anafunsa ngati firijiyo inkayendera mkaka wa mbuzi. Wina anati n'chifukwa chake Sekuru sankatilowetsa m'nyumba, ankaopa kuti tiwadetsera kapeti. Ku Samanga konse kuja, kumene waya wa magetsi timangomuona akudutsa patali kupita ku fakitale! Kodi polemba sunaganize n'komwe kuti tsiku lina munthu adzaima pamalopo n'kuyang'ana kumwamba?

Ndipo panapezeka wina wonena mawu aja timawamva kuyambira tili ana. Anati Mabhurandaya, dzina lonyoza lija amatiitanira ife obwera olankhula Chinyanja, ndi ochenjera, amawotcha khumbi kuti akatenge nyumba ya bwana. Bambo akhala m'chigwa chino zaka zoposa za wolankhulayo. Tiyi amene akudyetsa chigwa chonsechi anadzala ndi manja awo.  Koma tsiku limenelo anangoima, manja a jekete lobwereka ali lendelende.

Ine ndinalowa m'phulusa ndi mapazi angawa. Ndinafukula mutu wa makina a mayi, wakuda bii, n'kuuika patsogolo pa a Chamunorwa. Ndinakoka mafelemu a njinga ndi zitsulo za bedi. Ndinati katundu wa bambo ndi uyu, lembani uyu. Iwo anatsitsa chala pa pepala kuchokera pamwamba mpaka pansi, kenako anandiyang'ana mwachisoni. Anati makina osokera palibe pa mndandanda. Njinga palibe. Tiranki palibe.

Apa ndi pomwe mtima wanga unatembenuka. Kuwonjezera zabodza unawonjezera, chabwino. Koma ngakhale zoona sunazilembe? Mmawa wonse uja bambo akunyamula moyo wawo kuuyala pa mphasa, iwe cholembera chikuyenda, unkalemba chiyani? Makina amene anasoka yunifolomu yako yoyamba sanayenere ngakhale mzere umodzi?

A Chamunorwa si munthu woipa, ndisawanamizire. Anauza anthu kuti abalalike, n'kuwatengera bambo pansi pa mtengo wa mapeyala. Ine ndinawatsatira. Anafunsa motsitsa mawu kuti analemba pepalali ndani. Anati saini ndi ya Sekuru, koma dzanja la pamwambali ndi lina, ndipo dzina la wa kampani amene anawalembetsa likufanana ndi lawo. Anati, "Sekuru, ntchito iyi ndakalamba nayo. Mukandiuza kuti munasaina zomwe simunawerenge, nkhani ikhala ina, ndipo ipita kwa mwini dzanjali."

Ndinatsegula pakamwa. Bambo anandigwira pamkono mwamphamvu, mpaka zala zawo zinasiya zizindikiro.

Anati, "Mwanayo analemba zimene ndinamuuza ine."

Ndinati, "Bambo!"

Anati, "Loness, akulu akamalankhula umakhala chete."

 A Chamunorwa anafunsanso kachiwiri, mwina kuwapatsa mpata. Bambo anabwereza mawu omwewo, osaphethira. Ndiye bamboyo anapuma mozama n'kulemba. Anati kampani siipereka kalikonse, inshuwalansi yathetsedwa, ndipo sangalonjeze kuti akuluakulu ake sakaitengera nkhaniyi kupolisi, chifukwa kunamiza kampani ndi mlandu. Ponyamuka anandipatsa kapepala ka keyala ya ofesi yawo.

Ndikufuna umvetse chimene chinachitika pansi pa mtengo uja. Ine ndakula ndi bambo amenewa, sindinawamvepo akunama, ngakhale bodza lonyengerera mwana kuti amwe mankhwala. Bodza lawo loyamba analinena tsiku limenelo, ndi imvi zawo, ndipo analinenera iwe.

Anthu atachoka ndinawafunsa chifukwa chake. Sindinawafunse mwaulemu, Mulungu andikhululukire. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa, kenako anati iwo ntchito anapuma, dzina lawo silidyetsanso munthu. Dzina la Onias ndi limene likudyetsa ana ku Chipinge. Anati akakutchula, kampani ikuchotsa tsiku lomwelo, mwinanso kukumangitsa, ndiye Naume ndi ana alowera kuti m'chaka cha njala ngati chino? Ndinawayankha kuti amene anadya nkhuyu ndi mwana, bwanji zikupota akulu? Anangoti ndi mmene nkhuyu zimachitira.

Zikanathera pomwepo, mwina ndikanameza. Koma nkhani inafika ku tchalitchi isanafike Sabata.

Ukudziwa kuti bambo akhala mkulu wa mpingo kuyambira ife tili aang'ono. Tchalitchi chija njerwa zake anaumba nawo. Makiyi ankasunga ndi iwo. Maliro a munthu wa kwathu akachitika, kaya ku Ruda kaya ku komboni iliyonse, amene ankaima pamanda kulankhula m'Chinyanja anali iwo. Akulu anzawo anawaitana. Amene anatsogolera ndi a Stanislaus, mlembi wa mpingo, mnzawo uja anakwera naye lole imodzi pobwera kuno. A Stanislaus anachita kuwapempha, akuti, "Tobiyasi, tikukudziwa. Tiuze zoona, nkhani ithe." Bambo anaimirira n'kunena kuti pepala ndi lawo, saini ndi yawo, ndipo mpingo uchite zimene malamulo akunena.

Anawaimitsa. Ukulu wa mpingo achotsedwa, mgonero sadya, makiyi anabweza. A Stanislaus polandira makiyiwo misozi inali m'maso.

Sabata lotsatira ndinkaganiza kuti sapita. Anadzuka m'mamawa, anasamba, n'kuyenda ndi mapazi osapola bwino aja. Sanakhale kutsogolo. Anakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, pamene pamakhala ochedwa ndi amayi a ana olira. Amene anayambitsa nyimbo anaikweza kwambiri, anthu n'kumavutika nayo. Ndinacheuka. Bambo milomo inkayenda koma mawu osatuluka. Ine sindinathe kukhala mpaka kumapeto, ndinatuluka.

Panopa mphekesera zakula. Akuti moto anayatsa okha. Akuti anatsegulira mbuzi moto usanayambe. Anthu omwe aja ankapempha keyala yako, lero akakumana nawo panjira amayang'ana kumbali. Mayi wina amene ankagula nthochi kwa iwo zaka zonsezi anayamba kuwerenga mkoko kawirikawiri pamaso pawo, ngati akugula kwa wakuba. A Domingas anatsala pang'ono kumenyana ndi mnzawo ku mtsinje chifukwa cha nkhani imeneyi. Anamuuza kuti, "Ine ndinamugwira m'chiuno mkuluyo akufuna kulowa m'moto. Munthu woyatsa yekha amathamangira kukafa?" Mayi wachilendo kuwamenyera nkhondo bambo ako, iwe mwana wawo uli phee ku Chipinge.

Bambo akugona kwa ife kuno ku komboni, ndipo bulangete lako lija amafunda. Usiku uliwonse popemphera amakutchula dzina, kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wokumbukira makolo. Ine ndimatseka maso, koma ameni wanga satuluka.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene chinakulowa. A Raimundo anafunsa mnzawo wina wodziwa za ntchito zimenezi. Akuti katundu wolembedwa akachuluka mtengo, cholipira cha pamwezi chimakwera, ndipo gawo la wolembetsa limakweranso. Akutinso nyumba ya udzu makampani ambiri amaikana, n'chifukwa chake unaifolera malata ndi cholembera. Ngati ndi choncho, ndiye kuti miyezi yonseyi bambo akugulitsa nthochi ndi madhumbe onga zilazi aja, nthawi ina mpaka mbuzi, kuti asaphonye mwezi, ankalipirira firiji yomwe sanamwepo madzi ake. Ndipo iwe unkadyapo.

Kapena mwina anali manyazi. Mwina sunafune kuti mtsikana wotayipa ku ofesi aone kuti bambo a Onias wa tayi ali ndi mpando wa ndalema ndi wailesi yopotokola ndi pulayala. Ngati ndi manyazi, ndiye akupweteka kuposa dyera. Sukulu yako inachokera m'nyumba ya udzu imeneyo. Inachokera m'dengu la mayi, la bambo, ndi langa. Sindinakuwerengerepo zimenezi ndipo sindiyamba lero. Ndikungofuna udziwe kuti m'nyumba muja munalibe chochititsa manyazi mpaka tsiku lomwe unalowamo ndi chikwama chako.

Mwina unkati moto sudzabwera. Aliyense wochita zotere amatero.

Ine sindinakhale chete monga anandiuzira. Ndinapita kwa a Stanislaus kunyumba kwawo n'kuwafotokozera zonse, za mphasa, za mphika wobooka, za Chingerezi chomwe bambo sawerenga. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati palibe mkulu ngakhale mmodzi amene akukhulupirira kuti Tobiyasi angapeke firiji. Koma munthu wavomera yekha pamaso pa mpingo, ndipo mawu a mwana wake wamkazi sangafafanize mawu a mwini wake. Anati amene angamasule mfundoyi ndi amene anaimanga. Abwere wolembayo, aime pamaso pa akulu, anene ndi pakamwa pake.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndi limodzi lokha.

Akulu a mpingo akhalanso pansi Loweruka lachiwiri la Disembala, kukonzekera mgonero wa Khirisimasi. Bwera. Kwera basi ya ku Mutare, ukatsika ukwere ya ku Hauna, njira sunaiiwale. Usabwere ndi shuga. Usabwere ndi tayi. Ubwere ndi pakamwa pako, ukaime pamene anaima bambo, unene kuti analemba ndiwe, iwo anangosaina pokhulupirira mwana wawo. Ukatero upite kwa a Chamunorwa ukanene zomwezo, nkhaniyi isanafike kupolisi. Ine sindikufuna kudzaona bambo a zaka zawozi akukwezedwa m'galimoto ya apolisi chifukwa cha kapeti.

Za katundu usavutike nazo. Zinapsa, zinapita. Makoma anatsala, a Raimundo ndi amuna ena a mpingo ayamba kudula mitengo ya denga, udzu tikusaka kumapiri poti kuno wonse unatha. Mbale tidzagula, njinga mwina ayi. Makina a mayi palibe kampani yomwe ikanawabweza. Chimene ungabweze iwe ndi dzina lawo, ndipo palibe wina angachite zimenezo.

Ndikudziwa chimene ndikukupempha. Ntchito ikhoza kutha. Nyumba ya m'tauni ikhoza kupita. Naume adzalira, mwina adzandida moyo wake wonse. Ndaziganizira zonsezi, ndipo sindikunena mopepuka, chifukwa ana akowo ndi anganso. Zikavuta, atumize kuno, adzadya chimene akudya anga. Iweyo manja uli nawo. Ku Chipinge kulinso minda ya tiyi, mvula ikagwa adzafuna othyola. Tonse tinakulira momwemo ndipo palibe anafa nazo.

Bambo adzakukalipira ukabwera, ndikudziwa. Adzati wawonongeranji zomwe anakonza. Alekeni akalipe. Mumtima mwawo akudikira kuona ngati analera munthu. Sanena, koma basi ikaima pamsewu amasiya chimene akuchita n'kuyang'ana amene akutsika.

Ukapanda kubwera, ndikuuziretu poyera kuti usadzati ndinakubaya kumsana. Lolemba lotsatira ndikwera basi ndekha kupita ku Mutare, ndikaima pamaso pa a Chamunorwa n'kulumbira pa zimene ndinaona ndi kumva. Bambo adzandikwiyira, mwina osandilankhula mpaka chaka chithe. Ndidzapirira. Koma zikadzachokera pakamwa panga, iwe udzakhala munthu wogwidwa. Zikachokera pakamwa pako, udzakhala mwana amene analakwa n'kubwerera. Sankha wekha. Mlandu suola, Onias, ndipo uwu wayamba kale kununkha pa munthu wosalakwa.

Usandiyankhe ndi kalata. Zolemba zako ndaziona.

Undiperekere moni kwa Naume, umuuze kuti ndilibe naye chifukwa. Uwapsompsone ana, uwauze kuti azakhali awo amawakumbukira. A Raimundo akupereka moni. A Domingas akuti ndikuuze kuti akufuna adzakuone ndi maso. Ambuye akusunge panjira, akupatsenso mtima wolimba, chifukwa uufuna.

Bambo andipeza ndikulemba ndipo afunsa kuti kalata ndi ya ndani. Ndawauza. Akuganiza kuti ndi ya moni chabe. Akuti ndikulembere kuti ali bwino, nyumba ikumangidwa, ugwire ntchito mwakhama, ndipo usadandaule ndi kalikonse.

Ndalemba monga anenera. Ine ndikuti dandaula.

Ndine mlongo wako,
Loness